Maiki ya M'jekete la Mlamu Wanga

1

Mukafika pa Boma ku Luangwa mufunse za Wesley wa kamera, aliyense akulozerani. Ena akuuzani kuti ndine uja amajambula maukwati kuyambira ku Kavalamanja mpaka ku Mburuma. Azimayi a pamsika wa nsomba akuuzani kuti ndine mwamuna weniweni, uja anathyola nthiti za mlamu wake ndi miyendo ya kamera pofuna kupulumutsa mlongo wake. Nthitizo ndinathyoladi, ziwiri. Koma za umuna weniwenizo musathamangire, yambani mwamva nkhani yonse.

Philomena ndi mlongo wanga wopondana naye. Makolo athu ndi alimi ku Mburuma, koma iye khasu analikana ali wamng'ono. Ankagula nsomba zouma kwa amalonda owoloka kuchokera ku Zumbo, tsidya la ku Mozambique, n'kumatumiza ku Lusaka. Anali mkazi wa pakamwa, akaseka padoko ngakhale a m'mabwato ankatembenuka.

Langford ndinamupeza ndine. Anachokera ku Lusaka kudzagwira ntchito mu ofesi ina ya boma, ndipo tinadziwana ndikujambula msonkhano wawo. Malaya ake anali ositasita, nsapato zonyezimira pa fumbi la kwathu lino. Ankalankhula pansipansi ngati m'nyumba mwagona wodwala. Ndinati mumtima, mlamu ndi ameneyu.

Philomena atamuona koyamba sanatengeke.

"Ba Wesley, munthu wanuyu amaseka ndi pakamwa pokha. Maso ake saseka."

"Iwe Philo, ufuna kukalamba ukununkha nsomba? Munthu wa ofesi, wa tchalitchi, mowa samwa. Ufunanso chiyani?"

Ndinamukakamiza, ndinanyengerera atate, amayi ndinawapititsa ku Boma kuti akaone nyumba ya malata yomwe mwana wawo adzakhalemo. Pomwe tsiku linkasankhidwa, ndinali nditauza Boma lonse kuti ukwati umenewu ndamanga ndine ndi manja angawa.

2

Ukwati unachitika mu Okutobala. Amene anafikako ku Luangwa mwezi umenewo akudziwa, dzuwa lake limawotcha ngati muli nalo mlandu.

Ntchito yathuyi anthu amaiona ngati ya maso, koma imaphera ku makutu. Chithunzi chikada pang'ono anthu amakhululuka, koma malumbiro akapanda kumveka amakutukwana mpaka ana awo atakula. Choncho ndimagwiritsa maiki awiri. Ina imakhala pamwamba pa kamera, yotola phokoso la anthu. Ina ndi kakang'ono kopanda waya, komwe ndimakolowetsa pa jekete la mkwati. Onse amalowa m'kabokosi kokhala ndi mabatani awiri opotokola, ndipo pa galasi la kamera pamaoneka timizere tovina. Tikakhala pobiriwira, zili bwino. Tikagunda pofiira, mawu asweka, ndipo mawu osweka ali ngati madzi otayika, saoleka.

M'mawa ndinamumangirira Langford kamaikiko pansi pa kolala.

"Mlamu, tawerengani mpaka teni."

Anawerenga. Timizere tinangogwedezeka pang'ono.

"Kwezani mawu, mlamu, mukulumbira pamaso pa anthu."

"Mawu anga ndi omwewa, mlamu," anatero akumwetulira.

Ndinapotokola batani lake pafupifupi mpaka kumapeto. Malumbiro anamveka bwino, ngakhale kupuma kwake kunkalowa.

Potuluka m'tchalitchi anthu anaima pamzere kupereka moni. Pakati pawo panali Américo, wamalonda wa ku Zumbo yemwe ankagulitsa nsomba kwa Philomena kwa zaka zambiri. Anamugwira dzanja ndi manja awiri, n'kumuponyera nthabwala m'Chikunda. Philomena anaseka kuseka kwake kwa padoko kuja. Kenako akwatiwo anakalowa m'galimoto ya magalasi akuda yomwe inaima pansi pa mtengo wa mango, kudikira kuti operekeza ayambe avina polowa mu holo.

Ndikujambula ovinawo, ndinangoona timizere tagunda pofiira. Tinabwerera, n'kugundanso.

Ndinaganiza kuti ndi masipika a DJ, ndinatsitsa maiki ya pamwamba. Sizinasinthe. Ndinati mwina ndi mphepo ya ku Zambezi, ndinaiveka kachisoti kake kaubweya. Ayi ndithu. Ndinazula chingwe, ndinauzira mpweya, ndinabwezera. Ndinasintha mabatire. Thukuta lili kamukamu, ndinakankha kaswichi kosakaniza maiki onse awiri mu mzere umodzi, kaya ndinkaganiza chiyani. Timizere tinali tikugundabe pofiira, osati motsatira ng'oma za nyimbo, koma mwa apo ndi apo.

Mahedifoni anali m'khosi chifukwa cha kutentha. Ndiko kupusa kwa ife ojambula, timayamba kusintha zonse tisanamvetsere. Nditawavala, vuto ndinalipeza: kamaiki ka pa jekete la mkwati ndinali nditaiwala kukazimitsa, ndipo batani lake linali lidakali pamwamba paja. Ndinatsitsa mpaka pakati, kenako mpaka pansi. Timizere tinakhazikika pobiriwira.

Patapita mphindi khumi ndinakatsegula chitseko cha galimoto ndekha.

"Philo, tuluka pang'onopang'ono. Yang'ana kuno. Mwetulira, iwe, ndi tsiku lako!"

Anamwetulira. Pokonza vidiyo, malo a ovina aja ndinaikapo nyimbo, ndipo aliyense anati ntchito ngati imeneyi sinaonekepo ku Luangwa.

3

Pasanathe miyezi iwiri Philomena anasiya kupita kudoko. Langford anati mkazi wa munthu wa ofesi sagulitsa nsomba. Foni yake inayamba kukhala yozima. Ndikapita kukamuona ndinkamupeza atavala malaya a manja aatali, kunja mbuzi zikupuma wefuwefu pamthunzi. Sindinafunse. Ndinkamwa madzi ozizira a mu fuliji yawo n'kumayamikira makatani.

Loweruka lina mu Marichi, dzuwa lili paliwombo, Everlyn woyandikana nawo nyumba anandiimbira.

"Ba Wesley, thamangani! Akumupha Philo! Tagogoda, sakutsegula!"

Ndinali ndikuchokera kojambula, miyendo ya kamera ili kumsana. Ndi yachitsulo, yolemera ngati mipini ya nkhwangwa itatu. Njinga yamoto ndinaigwetsa pageti, chitseko ndinachimenya ndi phewa kawiri, loko inathyoka.

Philomena anali pansi pakati pa mpando ndi tebulo, atadzipinda. Langford anamuponda tsitsi ndi nsapato yonyezimira ija, m'manja ali ndi chingwe cha ayironi chopindidwa pawiri. Magazi ankatuluka m'khutu la kumanzere la mlongo wanga, kutsikira m'khosi. Sankaliranso, ankangobuula.

Langford anandiyang'ana, tayi ili m'malo mwake.

"Mlamu, izi ndi za m'nyumba. Tulukani," anatero ndi mawu ake apansipansi aja.

Sindikumbuka kuti ndinavula liti miyendo ija kumsana. Ndinamumenya nayo m'nthiti, khuu! Anagwera pa kabati, magalasi n'kumwazika. Anadzuka ndi chidutswa cha galasi, anandicheka pamkono, ine n'kumubwereza pomwepo. Ndinamva china chikuthyoka. Anagwa chagada akukoka mpweya ngati nsomba ya pamchenga, ndipo ndinakweza kachitatu nditaloza mutu. Akanapanda amuna awiri kundigwira kumbuyo, nkhaniyi bwenzi ndikulembera m'ndende.

Tinamunyamula Philomena pa chitenje kupita naye kuchipatala. Panjira anatsegula diso limodzi, linalo litatupa.

"Ba Wesley, mwabwera," ananong'ona. "Ndimadziwa kuti mukadziwa mubwera."

Anthu anamva mawu amenewo nayamba kundiyamikira. Ine ndinapita kuseri kwa chipatala n'kukasanza.

4

Patatha masabata atatu tinakhala pansi kwathu ku Mburuma, m'mawa, pakhonde la atate. Langford anabwera ndi amalume ake, a Benedict, omwe anali ankhoswe ake. Anatsika m'galimoto atagwira m'nthiti, n'kugwada pa dothi pamaso pa atate. Misozi inali mbwembwembwe.

"Atate, ndalakwa. Ndinapeza nambala ya Américo wa ku Zumbo uja mu foni yake, mutu unandizungulira. Sindinayambe ndakwezapo dzanja pa mkazi wanga. Aka n'koyamba, ndipo n'komaliza."

A Benedict anatsokomola.

"Mwana walapa. Ifenso tili ndi dandaulo, nthiti ziwiri si masewera, ndipo pepala la dokotala tili nalo. Koma ndife banja limodzi. Mkazi akabwerera kunyumba kwake lero, nkhani ya Wesley sitipita nayo ku polisi."

Atate anandiyang'ana, anayang'ana Philomena yemwe anakhala pamphasa, thonje lili m'khutu. Atate si munthu woipa. Ankaona mwana mmodzi akupita kundende, wina ukwati ukutha pasanathe chaka, mpingo wonse ukuloza nyumba yawo.

"Mwana wanga," anatero, "kulakwa kamodzi sikuthetsa banja. Munthu wagwada."

"Si kamodzi, atate," anatero Philomena. "Anayamba tsiku la ukwati lenilenilo. M'galimoto, pansi pa mango, ndili mu diresi loyera. Mukandibweza, mudzanditenga m'bokosi."

A Benedict anaseka, n'kutulutsa foni yawo.

"Tsiku la ukwati? Taonani apa. Vidiyo iyi anajambula ndi mlongo wake yemwe. Uyu akutuluka m'galimotoyu, akumwetulira chonchi, ndi munthu womenyedwa?"

Foni inayenda m'manja. Amayi anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kupukusa mutu.

"Philomena, zakupweteka tikudziwa, koma usawonjezere bodza. Ine ndinalipo, ndinkavina pomwepo."

"Kalongedze zovala," anatero atate. "Upita ndi amuna ako."

Philomena anadzuka movutika atagwira khoma, n'kundiyang'ana.

"Ba Wesley, musadandaule. Munandipulumutsa kamodzi, inenso ndikupulumutseni."

Chikwama changa chinali pamiyendo. M'kathumba kake munali memori khadi ya tsiku la ukwati, yomwe sindinaifufute. Masabata atatu onsewo ndinkalimbana nayo pa laputopu. Mbali yoyamba, pomwe batani linali pamwamba, munali phokoso losweka lokhalokha, palibe akanazindikira kanthu. Pomveka bwino panali masekondi makumi anayi okha, pomwe ndinatsitsa mpaka pakati. Koma kaswichi kaja kanali katasakaniza maiki onse awiri mu mzere umodzi. Ndinayesa kudula, ndinayesa kusefa, zinakanika. Mawu a maiki ya pamwamba pa kamera anali atakhala pamwamba penipeni pa mawu a m'galimoto, ndipo pafupi ndi maiki imeneyo panali pakamwa panga.

Philomena anatuluka m'nyumba ndi kachikwama kake. Langford anamutsegulira chitseko cha galimoto.

"Dikirani," ndinatero. "Atate, pali zoti mumve."

5

Ndinaika laputopu pampando, ndinalumikiza kasipika, ndinakweza mpaka kumapeto. Pa galasi panaoneka operekeza akuvina pakhomo la holo. Nyimbo inkamveka patali. Kenako panamveka mawu omwe aliyense pakhondepo ankawadziwa, apansipansi, oyera ngati munthuyo wakhala pambali pako.

"Umaseka naye chiyani? Pamaso pa anzanga a ku ofesi?"

Phaa!

"Langford, chonde, ndi kasitomala chabe…"

Phaa! Kenako kugunda kwa mutu pa galasi, ndi kulira kwa munthu wotsekedwa pakamwa.

"Lero ndakugula. Ukasekanso choncho ndidzakuthyola khosi. Pukuta nkhope."

Pamwamba pa mawu amenewo panamveka kupuma kwa munthu wina, pafupi kwambiri. Munthuyo ananong'ona:

"Mayo ine. Akumumenya Philo."

Anali mawu anga. Pa galasi panatulukira amayi, atamanga chitenje cha ukwati, akuvina cha kwa kamera.

"Wesley, nkhope yagwa bwanji? Makina avuta?"

"Palibe kanthu, amayi, ndi mphepo chabe. Vinani, ndikujambula!"

Kulira kwa m'galimoto kunachepa, kunachepa, n'kuzimirira, pomwe dzanja langa linkapotokola batani mpaka pansi. Panatsala nyimbo ndi nthungululu.

Zoona zake za tsiku la ukwatilo ndi izi. Ndinamva ndi makutu angawa mlongo wanga akumenyedwa, galimoto ili mayadi makumi awiri kuchokera pomwe ndinaima. Ndinaganiza za mbuzi zisanu zomwe atate anapha, za alendo a ku Lusaka, za pakamwa panga pomwe panadzitama pa Boma lonse. Ndinadziuza kuti ndi nsanje ya tsiku limodzi, zitha. Ndinatsitsa batani n'kupitiriza ntchito.

Woyamba kusuntha anali atate. Anatola mpini wa khasu womwe unatsamira khoma. Langford anaiwala nthiti zake, anathamangira ku galimoto, koma mpini unamupeza paphewa asanatseke chitseko. Wachiwiri unaswa galasi la kumbuyo. A Benedict analiza galimoto chitseko chili pululu, nkhuku zikubalalika, atate akuithamangitsa mpaka kumsewu akutukwana mawu omwe sindinawamvepo pakamwa pawo. Amayi anagwa pansi akudziguguda pachifuwa: "Ndinkavina! Mwana wanga akumenyedwa ine ndinkavina!"

Philomena anaika kachikwama pansi. Anabwera pang'onopang'ono n'kuima patsogolo panga.

"Munamva."

"Philo…"

"Munamva, n'kubwera kudzanditsegulira chitseko. Munati mwetulira." Ankalankhula motsitsa, ndipo zinkandiopsa kuposa kukuwa. "Miyezi isanu ndakhala ndikubisa mabala kuti ba Wesley asadziwe, angaphe munthu. Mumabwera kwanga, mumamwa madzi, mumayamikira makatani. Mukudziwa."

Anatola kasipika kaja n'kundimenya nako pachipumi ndi mphamvu zake zonse. Khungu linang'ambika, magazi anadzaza m'maso. Anandimenyanso pakamwa, dzino linagweduka. Sindinatchinge. Palibe anamugwira, ndipo atate atabwerera kuchokera kumsewu anangoima n'kumayang'ana.

6

Philomena sanabwerere kwa Langford. Khadi ija ndinakaipereka ndekha ku polisi, ndipo nkhani ya Langford ili m'khoti. A Benedict nawo anasunga lonjezo lawo, mlandu wa nthiti ndinauyankha ndipo chilango changa ndinalandira. Za pakhonde paja abale anazisunga m'nyumba, n'chifukwa chake pamsika amandionabe ngati ngwazi. Chipsera cha pachipumi amati anandipatsa ndi Langford, ndipo mpaka lero ndinali ndisanawatsutse.

Inu owerenga, makamaka amuna anzanga okhala ndi alongo m'mabanja, sindikulemba kuti mundimvere chisoni. Ambiri mukuti inu mukanathamangira ku galimoto ija. Mwina. Inenso ndinkadziyesa wotero. Koma kuthyola chitseko anthu akuonerera n'kosavuta, aliyense amakuombera m'manja. Chovuta ndi kuimitsa ukwati womwe wamanga wekha, mayi ako akuvina, chifukwa cha zomwe wamva iwe wekha. Ngati pali zomwe munamva kuseri kwa khoma, kapena malaya a manja aatali omwe simunafunse, musadikire kuti wina adzakuimbireni foni.

Philomena anabwerera kudoko, akugulanso nsomba. Madokotala anati khutu la kumanzere silidzamvanso. Mwezi watha ndinalimba mtima n'kupita kukamupeza. Anali atakhala pa thumba la nsomba, akuyang'ana mabwato ochokera ku Zumbo. Ndinagwada pamchenga cha kumanja kwake, anthu akuona.

"Philo, ndabwera kudzapepesa. Undimvere pang'ono chabe."

Anandiyang'ana. Kenako anadzuka, anatembenuza thumba lija, n'kukhalanso pansi atandilozetsa khutu la kumanzere.

"Lankhulani, ba Wesley," anatero.

Ndinalankhula zonse mpaka kumaliza.